César Ritz: mnyamata wa kubusa amene anaphunzitsa mahotela kulandira alendo

Ambiri a ife kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi tili ndi m'bale kapena mnzathu amene amagwira ntchito ku hotela. Wina amayala mabedi ku Lilongwe, wina amanyamula mbale pa Mponela kukakhala msonkhano waukulu, wina ali ku Joni akukwecha mapoto kuseri kwa hotela imene chipinda chimodzi, usiku umodzi wokha, chimadya ndalama zoposa malipiro ake a mwezi. Akabwera pa Khirisimasi amatisimbira za matawulo oyera mbee, za bafa la munthu mmodzi lotuluka madzi otentha usiku ndi usana, komanso za chipinda china chimene amati spa, kumene mlendo amagona chafufumimba wina n'kumamusisita msana ndi mafuta onunkhira. Ife timaseka, eti anthu ena ndalama zawachulukira. Koma mukamufunsa m'bale uja pagulu kuti ntchito yake yeniyeni ndi yotani, amayankha motsitsa mawu, ngati kuperekera zakudya ndi chinthu chobisa.

N'chifukwa chake lero ndati tikambe za César Ritz. Zambiri zimene masiku ano timaziona ngati zachizolowezi mu hotela yapamwamba ya mumzinda, munthu ameneyu ndi amene anazikhazikitsa, ndipo dzina lake lili pa makomo a mahotela odula ku Paris, ku London ndi ku Madrid. Sanabadwire m'nyumba ya mfumu ayi. Anali mwana wa kumapiri ngati ife, anawetako mbuzi, sukulu sanapite nayo patali, ndipo ntchito yake yoyamba ya ku hotela anam'chotsa. M'mbiri yake muli zokoma, koma mulinso zamanyazi ndi zomvetsa chisoni, ndipo sindibisa chilichonse.

Womaliza pa ana 13

César anabadwa pa 23 February 1850 m'mudzi wa Niederwald, m'chigwa cha Goms, m'chigawo cha Valais ku Switzerland. Ndi kamudzi ka nyumba zamatabwa, kumtunda kwenikweni, kufupi ndi kumene mtsinje wa Rhône umayambira. Ngati mumadandaula ndi chisanu cha mwezi wa June pa Ntchisi boma kapena ku Kongwe, dziwani kuti kumeneko chipale chofewa chimakwirira minda kwa miyezi ingapo. Anthu ake ankalima mbatata ya kachewere ndi mbewu ina yofanana ndi tirigu, n'kumaweta mbuzi ndi ng'ombe m'mapiri. Pakhomo ankalankhula Chijeremani cha kumudzi. César anali womaliza m'banja la ana 13, ndipo monga ana anzake onse a m'mudzimo, ankapita kubusa.

Munda wa banja sukanakwanira ana onsewo. Atafika zaka 12 bambo ake anam'tumiza ku tauni ya Sion kuti akaphunzire, makamaka Chifalansa, koma m'kalasi sanaonetse mutu wakuthwa. Pa zaka 15 anakam'siya ku hotela ina ku Brig, tauni ya kumunsi kwa chigwa chomwecho, kuti aphunzire kuperekera vinyo. Sanakhalitse. Mwini hotelayo anam'chotsa, n'kumuuza maso ndi maso kuti ntchito ya hotela imafuna luso lapadera ndipo iyeyo analibe. Anagwirako kantchito kwa ansembe, kosamalira za m'tchalitchi, koma nakonso sikanapite patali.

Apa ndi pamene ambiri timabwerera kumudzi n'kumati sizinalembedwe. César sanabwerere. Mu 1867 ku Paris kunali chionetsero chachikulu cha zamalonda cha mayiko osiyanasiyana, alendo anasefukira mumzindawo, ndipo malo odyera ankafuna anyamata. Iye ali ndi zaka 17 ananyamuka ulendo wa ku Paris.

Sukulu yake inali pa tebulo la alendo

Ku Paris anayambira pansi penipeni. Ankapolisha nsapato za alendo, kukolopa ndi kunyamula zikwama pa kahotela kotchedwa Hôtel de la Fidélité. Anadumphadumpha m'malo odyera angapo mpaka cha m'ma 1869 pamene analowa ku Voisin, lesitilanti yotchuka kwambiri kumene kunkadyera andale, olemba mabuku ndi akatswiri a zisudzo. Kumeneko anaphunzira kudula nyama pamaso pa mlendo, kudziwa mitundu ya vinyo, ndi kufotokoza chakudya mpaka munthu kumeza mate. Koma phunziro lalikulu linali loyang'ana anthu. Ankaona mmene olemera amavalira, chimene chimawakwiyitsa, chimene amachifuna koma sachitchula. Zonsezo ankazisunga m'mutu.

Mu 1870 nkhondo inabuka pakati pa France ndi Prussia, ndipo asilikali a Chijeremani anazinga Paris kuyambira September mpaka January 1871. Chakudya chinatha mumzinda. Anthu anadya mahatchi, amphaka ngakhale makoswe. Nyama za kumalo osungirako zinyama zinaphedwa, ndipo pa Khirisimasi ya 1870 alendo a ku Voisin anapatsidwa supu wa njovu, nyama ya ngamila ndi zina zotero, ndi vinyo wabwino pambali. Makolo athu amene amasimba za njala ya 1949 ndi ya 2002 sangadabwe nazo izi: osauka ali pa mzere m'chisanu, wolemera amadyabe atayala kansalu pamiyendo. Mnyamata wa ku Niederwald anaona kuti ngakhale zinthu zitavuta chotani, pali anthu amene amalipira kuti aiwale mavuto kwa maola awiri.

Nkhondo itatha anagwira ntchito ku Hôtel Splendide, kumene anadziwana ndi olemera a ku America, ndipo mu 1873 anali ku Vienna pa chionetsero china. Anazindikira kuti olemera a ku Ulaya amayenda ndi nyengo. Kukazizira amatsikira kunyanja, ku Nice ndi ku Monte Carlo. Kukatentha amakwera kumapiri a ku Switzerland. Iye anayamba kuwatsatira, ngati mavenda amene amatsatira tsiku la msika, lero pa Mponela mawa ku Madisi. Mlendo amene anam'perekera supu ku Nice ankam'pezanso kumapiri, akukumbukira dzina lake ndi mmene amakondera nyama yake.

Njerwa zotentha pa phiri la Rigi

Pali nkhani imodzi imene mkazi wake anailemba m'buku lake la mu 1938, ndipo imasonyeza bwino mutu wa munthuyu. Ankagwira ntchito pa hotela ya pamwamba pa phiri la Rigi. Tsiku lina kunazizira koopsa, makina otenthetsa nyumba n'kuwonongeka, pamene gulu la alendo pafupifupi 40 a ku America linali m'njira kudzadya nkhomaliro. Ritz sanathamangire kukalemba chikalata chopepesa. Anasamutsa tebulo kulipititsa m'chipinda chaching'ono cha makatani ofiira, anathira mowa waukali m'miphika ikuluikulu yamkuwa n'kuyatsa moto, anauza anyamata kuti atenthetse njerwa mu uvuni, azikulunge m'nsalu n'kuziika pansi pa mapazi a mlendo aliyense. Zakudya zozizira anazichotsa, m'malo mwake kunabwera supu wotentha wa tsabola. Alendo anatsika phiri akutamanda malowo, osadziwa n'komwe kuti panali vuto.

Nzeru ya njerwayo ndi ya kumudzi, agogo aliyense wa kumalo ozizira angaidziwe. Chachilendo chinali kuibweretsa pa tebulo la olemera mwaulemu. Nkhaniyi inam'fika Max Pfyffer, mkulu wa Grand Hôtel National mumzinda wa Lucerne, ndipo cha m'ma 1878 anam'patsa Ritz udindo woyendetsa hotela yonseyo. Anali asanakwanitse zaka 30. Kwa zaka pafupifupi khumi ankagawa chaka pawiri, miyezi yotentha ku Lucerne, yozizira ku Grand Hôtel ya ku Monte Carlo.

Ku Monte Carlo komweko, mu 1884, wophika wake wamkulu atam'thawa kupita ku hotela ina, anapeza Mfalansa wina wamfupi, wofatsa, dzina lake Auguste Escoffier. Awiriwa anagwirizana ngati mtondo ndi munsi. Escoffier anakonza khitchini kuti iziyenda ngati gulu la asilikali: wa nsomba payekha, wa nyama payekha, wa masosi payekha, wa zotsekemera payekha, aliyense akudziwa malo ake ndi amene akumuyankha. Analetsa kukuwa ndi kumwa mowa pa ntchito. Dongosolo limeneli ndi limene m'bale wanu wa ku khitchini ya hotela akugwiramo mpaka lero, kaya ndi ku Lilongwe kaya ndi ku Johannesburg.

Za spa zinachokera kuti?

Mu 1888 Ritz anakwatira Marie-Louise Beck, mtsikana wa ku Alsace wochokera m'banja la mahotela, ndipo m'nyengo yomweyo anayamba bizinesi yakeyake ku Baden-Baden m'dziko la Germany. Apa ndi pamene mbiri yake imakumana ndi nkhani ya spa ija.

Mawu akuti spa anachokera ku dzina la tauni ya Spa ku Belgium, kumene kuli akasupe amene anthu ankakhulupirira kuti madzi ake amachiza. M'zaka za m'ma 1800 madokotala ankatumiza odwala olemera ku matauni a akasupe kuti akakhale milungu ingapo akusamba, akumwa madziwo, akusisitidwa thupi ndi kuyenda pang'onopang'ono m'minda ya maluwa. Baden-Baden inali imodzi mwa matauni otchuka oterewa. Madzi ake amatuluka pansi ali otentha, Aroma akale ankasambamo kale, ndipo mu 1877 kunatsegulidwa nyumba yaikulu yosambiramo yotchedwa Friedrichsbad. Mafumu, nduna ndi eni mabanki ankadzaza tauniyo chaka chilichonse.

Ritz anaona chimene ena sankachilabadira. Munthu amene wakhala tsiku lonse m'madzi otentha akuti akudwala, madzulo amafuna chakudya chabwino, nyimbo ndi anthu omuona. Iye anatenga lesitilanti yotchedwa de la Conversation ndi kahotela kotchedwa Minerva, n'kumakonza maphwando amene anthu ankawakamba mpaka ku London. Spa ya masiku ano, imene ili m'kati mwa hotela ya mumzinda, ndi mdzukulu wa matauni amenewo: madzi, kusisita thupi, chakudya ndi bedi labwino, zonse pa bilu imodzi.

Madzi otere ifenso tili nawo. Mukatsika phiri kuchokera ku Ntchisi kulowera ku Nkhotakota mupeza akasupe otentha a Mawira, ndipo kumpoto ku Rumphi kuli a ku Chiweta. Kwathu anthu amasambako ndi kuchapirako zovala. Ku Germany madzi ofanana ndi amenewo anamangirapo tauni yonse.

Savoy: pachimake

Mmodzi mwa amene anaona ntchito ya Ritz ku Baden-Baden anali Richard D'Oyly Carte, mwini nyumba ya zisudzo ku London. Ndi ndalama za zisudzozo anamanga hotela ya Savoy, imene inatsegulidwa mu August 1889. Tinene zoona, zodabwitsa za nyumbayo anayambitsa ndi Carte: magetsi paliponse, zikepe zokweza anthu, ndi mabafa pafupifupi 70 pa nthawi imene mahotela ena akuluakulu anali ndi mabafa owerengeka, mlendo akafuna kusamba wantchito n'kumakwera masitepe ndi ndowa za madzi otentha. Koma nyumba yokongola siyendetsa yokha. Patangopita miyezi yochepa alendo anayamba kuchepa, ndipo Carte anakam'nyengerera Ritz kuti adzakhale manijala. Ritz anabwera ndi Escoffier komanso mnzake wina, Louis Echenard, woyang'anira chipinda chodyera ndi vinyo.

Pa nthawiyo amuna olemera a ku London ankadyera m'makalabu awo, ndipo mayi wolemekezeka sankadya pagulu usiku. Ritz anasintha zimenezo. Anakonza nyale kuti ziziwala mofewa, nkhope za amayi zizioneka bwino. Anaika oimba kuti anthu asamadye mothamanga. Analamula kuti wobwera kudzadya madzulo avale bwino, ndipo anakopa amayi angapo otchuka kuti ayambe ndi iwo, ena onse n'kutsatira. Escoffier anakonza chakudya chotsekemera cha mapichesi ndi ayisikilimu n'kuchitcha dzina la woimba wa ku Australia, Nellie Melba. Kalonga wa ku Wales, mwana wa Mfumukazi Victoria, anakhala kasitomala wokhazikika, ndipo kumene kalongayo wapita, olemera onse ankapita komweko.

Antchito ake ankawaphunzitsa kuti mlendo akadandaula ndi chakudya kapena vinyo, achotse n'kubweretsa china, osakangana naye. Ankafuna wantchito woona zonse koma osayang'anitsitsa mlendo, wodziwa chimene munthu akufuna asanakweze dzanja. Iye mwini ankayendera zipinda, kugwira zofunda, kuyesa mipando. Posakhalitsa aliyense womanga hotela ku Ulaya ankafuna dzina lake, ndipo anali ndi dzanja m'mahotela a ku Rome, ku Frankfurt ndi kwina. Moyo wake unali wa m'sitima za pamtunda, tulo tochepa.

Vinyo amene anasowa

Tsopano mbali imene buku la mkazi wake limam'teteza. Eni ake a Savoy anadabwa kuti alendo achuluka koma phindu la ku khitchini ndi la zakumwa likutsika. Anaitana owerengera ndalama mwachinsinsi. Anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha ya 1897, vinyo ndi mowa wa mapaundi oposa 3,400 unasowa m'mabuku, pa nthawi imene wantchito wamba ku London sankafika mapaundi 100 pa chaka chonse. Ritz ndi Echenard ankadyetsa ndi kumwetsa anthu amene ankafuna kuti aike ndalama m'mabizinesi awo, bilu n'kumaigwetsera pa Savoy. Escoffier ankalandira kangachepe kuchokera kwa ogulitsa zakudya, ndipo ogulitsawo ankabweza ndalama zawo pobweretsa katundu wosakwana.

Mu March 1898 onse atatu anachotsedwa ntchito tsiku limodzi. Ophika ena anakana kutuluka mpaka panabwera apolisi. Ritz anaopseza kuti apita kukhoti, koma mu 1900 iye ndi anzakewo anasaina zikalata zovomera, ndipo iye ndi Echenard anabweza mapaundi oposa 4,000. Savoy sinafune kuti nkhaniyi imveke chifukwa ikanakhudza alendo akuluakulu, choncho inakwiriridwa, ndipo zikalatazo zinadzatulukira poyera m'zaka za m'ma 1980.

Zimenezi sizachilendo m'makutu mwathu. Thumba la mpunga lolembedwa makilogalamu 50 likafika ku stoo lili ndi 45, wogula katundu ali ndi gawo lake kwa wogulitsa, botolo lotsegulidwa silinalembedwe. Kusiyana kwake n'kwakuti Ritz anali ndi kalonga kumbuyo kwake. Patangopita miyezi itatu anali akutsegula hotela yake, olemera onse akum'tsatira. Mnyamata wa ku Malomo kapena ku Mvera akagwidwa ndi botolo limodzi lokha, palibe kalonga amene adzam'yankhulire. Amagona m'chitokosi, ndipo mbiri yake imayenda m'mahotela onse a mumzinda sabata isanathe.

Hotela ya dzina lake, ndi ndalama za ku migodi

Pa 1 June 1898 Hôtel Ritz inatsegulidwa pa bwalo la Place Vendôme ku Paris. Apa Ritz anachita zonse monga ankafunira, mothandizana ndi katswiri wojambula nyumba Charles Mewès. Inali imodzi mwa mahotela oyamba kukhala ndi bafa, magetsi ndi telefoni m'chipinda chilichonse. Ankaopa kwambiri chifuwa chachikulu ndi kolera, matenda amene ankapha anthu ambiri nthawi imeneyo, choncho anakana makatani olemera osunga fumbi, anasankha nsalu zochapika, makoma opaka penti ndi mabedi achitsulo chonyezimira m'malo mwa amatabwa. Makabati anawamangira m'khoma, ndipo anaganizira ngakhale kambedza kopachikapo chikwama cha mayi akakhala pa tebulo. Mukalowa m'chipinda cha hotela yabwino lero n'kupeza bafa lanulanu kuseri kwa chitseko, mukuona maganizo a munthu ameneyu.

Nanga ndalama zomangira zinachokera kuti? Ena mwa amene anaikapo chuma anali Alexandre Marnier-Lapostolle, mwini chakumwa cha Grand Marnier, ndi Alfred Beit, mnzake wa Cecil Rhodes, amene analemera ndi dayamondi wa ku Kimberley ndi golide wa ku Johannesburg. Dzina la Beit tikulidziwa. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni anadutsa pa Beitbridge, pamene pali mlatho umene unamangidwa mu 1929 ndi chuma chimene iye anasiya, ndipo ku Blantyre kuli chipatala cha mafupa cha Beit CURE. Migodi ya golide imene inam'lemeretsa ndi yomweyo imene agogo athu ambiri a m'chigawo chapakati anadzatsikamo pambuyo pake kudzera ku Wenela. Ndiye mabafa oyera a ku Paris aja sali kutali kwenikweni ndi ife. Mbali ina ya ndalama zake inakumbidwa pansi pa nthaka ya kuno kum'mwera kwa Africa, ndi manja a anthu akuda amene sakanaloledwa ngakhale kuima pakhomo pake ngati alendo.

Tsiku limene mutu unakana

Mu 1899 Ritz ndi Escoffier anabwerera ku London n'kutsegula hotela ya Carlton, n'kulanda makasitomala ambiri a Savoy. Mfumukazi Victoria itamwalira mu 1901, kalonga uja anakhala Mfumu Edward VII, ndipo mwambo womuveka chisoti unakonzedwa kuti uchitike pa 26 June 1902. Mdipiti wa mfumu unayenera kudutsa pafupi ndi Carlton. Ritz anakonzekera kwa miyezi. Zipinda zonse zinali zitagwidwa, chakudya chitagulidwa, mipando yoonerera itamangidwa.

Kutangotsala masiku awiri, uthenga unafika wakuti mfumu yadwala kathumbo ka m'mimba kamene madokotala amati apendikisi, ikupita ku opaleshoni, ndipo mwambo waimitsidwa. Ritz analowa m'chipinda chodyera, anawauza alendo modekha, anakonza zoyenera kukonza, kenako anapita kunyumba n'kukomoka. Anali ndi zaka 52. Mfumu inachira n'kuvekedwa chisoti pa 9 August, koma Ritz sanabwererenso mwakale.

Madokotala a nthawiyo ankati mitsempha yake yatopa. Ankakhala chete kwa nthawi yaitali, nthawi zina kupsa mtima, ndipo pang'onopang'ono anayamba kuiwala. Munthu amene ankakumbukira dzina la mlendo aliyense anafika posazindikira bwino anthu. Hotela ya Ritz ya ku London inatsegulidwa mu 1906 ndi ya ku Madrid mu 1910, koma mwini dzina anali atachoka kale pa chiwongolero. Mu 1913 anagonekedwa pa chipatala china ku Lausanne, kenako anasamutsidwira ku Küssnacht, m'mbali mwa nyanja ya Lucerne, pansi pa phiri la Rigi lija la njerwa zotentha. Kumeneko anamwalira mu October 1918, kutatsala milungu yochepa kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse ithe. Mwana wake wamng'ono, René, anali atamwalira chaka chomwecho.

Kwa zaka zoposa 30 anagulitsa mpumulo kwa anthu ena, iye mwini osapuma. Ntchito ya hotela ndi yotero mpaka pano: kuimirira maola ambiri, kumwetulira munthu amene wakutukwana, kugwira ntchito pa Khirisimasi anzako ali kumudzi, kenako kukagona m'kachipinda ka lendi kopanda madzi. Zikafika pa kusowa tulo, kulira wekha kapena kumwa kuti uiwale, si ulesi ndipo si kulodzedwa. Ndi matenda, ndipo thandizo lake lilipo, kuyambira pa chipatala cha boma mpaka kwa a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Zimene zinatsala

Mayi Marie-Louise ndi amene anagwira hotela ya ku Paris mwamuna wawo atadwala, ndipo anakhala pamenepo mpaka imfa yawo mu 1961. Mwana wawo wamkulu, Charles, anapitiriza mpaka 1976, ndipo mu 1979 hotelayo inagulidwa ndi Mohamed Al-Fayed wa ku Egypt. Ndi mmenemo mmene Diana wa ku Britain anadyera chakudya chake chomaliza mu August 1997. Manda a César Ritz ali kwawo ku Niederwald, pa kamudzi kaja ka mbuzi. Ndipo ku Brig, tauni imene anam'chotsa ntchito ati alibe luso, lero kuli sukulu ya zamahotela yotchedwa César Ritz Colleges, kumene ophunzira ochokera m'mayiko ambiri amalipira ndalama zankhaninkhani kuti aphunzire ntchito imeneyi.

Kwathu kuno ntchitoyi inafika m'nthawi ya atsamunda. Hotela ya Ryalls ku Blantyre inayambitsidwa ndi mayi Louisa Ryall kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo nyumba imene lero ndi Ntchisi Forest Lodge, m'mphepete mwa nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, inamangidwa mu 1914 ngati nyumba ya DC wachizungu. Masiku ano ku Lilongwe kuli Capital Hotel ndi President Hotel ya pa Umodzi Park, pa Mponela pali Linde ndi Chikho, ndipo wofuna kuphunzira ntchitoyi mwadongosolo angapite ku Malawi Institute of Tourism kapena ku Mzuzu University. Ndi ntchito ya luso, ili ndi makwerero ake, ndipo amene anaikweza kufika pamene ili anayambira pa kupolisha nsapato.

Ndiye m'bale uja akabweranso pa Khirisimasi, musangomufunsa za mtengo wa chipinda ndi za azungu amene amasisitidwa msana. Mufunseni kuti ali pa gawo liti, amene akum'phunzitsa ndani, ndipo satifiketi ali nayo kapena ayi. Mufunseninso kuti amagona maola angati, ndipo tchuthi chake chomaliza chinali liti.